Anthu Apakati m'Malawi: Komwe Anachokera ndi Momwe Akukhalira

M'tauni iliyonse ya m'Malawi anthu amadziwana magulu popanda kufunsana malipiro. Amaonera komwe munthu amagona, sukulu yomwe ana ake amapita, chipatala chomwe amathamangirako akadwala, ndi momwe amafikira kuntchito, kaya wapansi, pakabaza, paminibasi kapena pagalimoto yakeyake. Ku Lilongwe, Mtandire ndi woyandikana ndi Area 47. Ku Blantyre, Ndirande wayang'anizana ndi Nyambadwe. M'mawa anthu amatuluka m'makomo othinana kukagwira ntchito kumayadi, ena yaulonda, ena yam'nyumba, ena yosamalira maluwa, madzulo n'kubwerera kwawo.

Pakati pa a kumayadi ndi a m'makomo othinanawo pali gulu lina: aphunzitsi, anamwino, apolisi, alangizi a zaulimi, makalaliki a m'boma, ogwira ntchito m'mabanki ndi m'mabungwe, komanso eni masitolo ndi magalaja aang'ono. Amenewa ndiwo amatchedwa anthu apakati. Kumudzi amawaona ngati mabwana, pomwe iwo akadziyerekeza ndi olemera enieni amadziona osauka. Gulu limeneli ndi laling'ono, chifukwa kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo mwa anthu 100 alionse, 84 ankakhala kumudzi, komwe ambiri amadalira khasu. Koma mbiri ya gululi imaonetsa bwino momwe chuma cha dziko chimagawidwira.

Chomwe chimaika munthu m'gulu

Akatswiri awiri a ku Germany ndiwo amatchulidwa kawirikawiri pankhaniyi. Karl Marx, yemwe anamwalira mu 1883, ankaona kuti chachikulu n'chakuti ndani ali ndi zinthu zopangira chuma, monga malo, fakitale ndi mpamba, ndipo ndani alibe kanthu kupatula mphamvu zake zoti agulitse kwa mwini zinthuzo. Max Weber, yemwe anamwalira mu 1920, anawonjezera kuti ulemu womwe anthu amapatsa munthu, maphunziro ake ndi mphamvu zake m'ndale nazonso zimamukweza kapena kumutsitsa. Maganizo a Weber amamveka msanga kuno. Mfumu yayikulu ingathe kukhala ndi ndalama zochepa kuposa wogulitsa kaunjika mumsika wa Limbe, koma pamaliro wokhala pampando ndi mfumuyo.

Pali kusiyana kwina komwe kumafunika kukumvetsa kuposa zonsezi, komwe ndi kwa pakati pa ndalama zomwe munthu amalandira ndi chuma chomwe ali nacho. Malipiro ali ngati ufa wa m'thumba, umatha ndipo umafunika wina mwezi wamawa. Chuma chili ngati munda, umakhalapo ndipo umabereka. Nyumba zalendi, malo, ng'ombe, masheya a m'kampani ndi ndalama zosungidwa kunja ndi chuma. Anthu awiri angathe kupeza ndalama zofanana pamwezi, wina kuchokera ku ofesi, wina kuchokera ku lendi ya nyumba zake zinayi. Woyambayo akachotsedwa ntchito kapena akadwala kwa nthawi yaitali, zonse zimaima. Wachiwiriyo ngakhale atagona m'chipatala, lendi imabwerabe, ndipo akamwalira ana ake amapitiriza kutolera. Anthu apakati ambiri m'Malawi ndi a mtundu woyambawo.

Kuyeza kusiyana kwa olemera ndi osauka

Pofuna kuyerekeza maiko, akatswiri amagwiritsa ntchito muyeso wa Gini, womwe unatchedwa dzina la Corrado Gini wa ku Italy, amene anaukonza mu 1912. Muyesowu umayambira pa 0 kulekezera pa 1. Ukakhala pa 0 ndiye kuti aliyense m'dzikomo amapeza zofanana ndendende. Ukakhala pa 1 ndiye kuti munthu mmodzi watenga zonse. Palibe dziko lomwe lili kumapeto awiriwa. Maiko a kumpoto kwa Ulaya monga Norway ndi Finland ali pansi pa 0.30, pomwe South Africa inali cha pa 0.63 mu 2014, ndipo ili m'gulu la maiko omwe anthu ake ndi osiyana kwambiri padziko lonse.

Malawi ili pakatikati. Lipoti lomwe bungwe la Oxfam linatulutsa mu 2015 linaonetsa kuti pakati pa 2004 ndi 2011 muyeso wa Gini unakwera kuchoka pa 0.39 kufika pa 0.45. Chodabwitsa n'chakuti zimenezi zinachitika m'zaka zomwe chuma cha dziko chinkakula msanga ndipo chimanga chinkachuluka chifukwa cha feteleza wotsika mtengo. Chuma chingathe kukula, phindu lake n'kuunjikana kwa ochepa. Muyesowu uli ndi polephera pake. Kuno umawerengedwa kuchokera ku zomwe mabanja anena kuti amadya ndi kugula, ndipo olemera kwambiri sawulula zonse kwa wofufuza wobwera ndi pepala pakhomo. Malo ndi nyumba zawonso sizilowa bwino m'chiwerengerocho. Choncho kusiyana kwenikweni kwa chuma n'kwakukulu kuposa momwe nambalayi imaonetsera.

Nanga wapakati ndi wopeza zingati? Mu 2011 banki ya African Development Bank inati aliyense wogwiritsa ntchito madola 2 mpaka 20 patsiku ndi wapakati, ndipo inapeza anthu oterewa 313 miliyoni mu Africa yense. Nkhaniyi inasangalatsa amalonda akunja, koma oposa theka la anthuwo anali a madola 2 mpaka 4 okha patsiku, omwe bankiyo inavomereza kuti angabwerere muumphawi nthawi ina iliyonse. Munthu woti chilala chimodzi kapena maliro amodzi amugwetsa n'kovuta kumutcha wapakati. Akatswiri ena amakonda kuyang'ana kukhazikika: kodi banjali likhoza kupirira vuto lalikulu osagulitsa katundu wake, osatulutsa mwana sukulu?

Ana a mishoni

Atsamunda asanabwere, anthu ankasiyana kale. Kunali mafumu, amalonda a minyanga ndi nsalu, anthu wamba ndiponso akapolo. Koma gulu lodalira cholembera ndi malipiro a pamwezi linabadwira kumishoni. Mishoni ya Livingstonia inayamba mu 1875, ya Blantyre mu 1876, ndipo mu 1894 Robert Laws anatsegula sukulu yapamwamba ya Overtoun ku Khondowe. M'sukulu zoterezi munatuluka aphunzitsi, abusa, makalaliki, omasulira, akalipentala, osindikiza mabuku ndi othandiza madokotala. Ena anapeza ntchito ku Zomba, ambiri anamwazikira ku Rhodesia, ku Tanganyika ndi ku South Africa, komwe makalaliki a ku Nyasaland ankafunidwa.

Boma la atsamunda linasanja anthu motsata khungu. Pamwamba panali Azungu a m'boma ndi eni maesiteti, pakati Amwenye a masitolo, pansi anthu akuda onse, ophunzira ndi osaphunzira omwe. Wakuda ankatha kudziwa ntchito kuposa bwana wake koma malipiro ndi udindo zinali ndi polekezera. M'maesiteti a ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje, anthu wamba ankagwira thangata, ntchito yolipirira malo omwe ankakhalapo, kuwonjezera pa msonkho wa nyumba.

N'chifukwa chake ndale zoyambirira za dziko lino zinatsogoleredwa ndi ophunzira okhumudwa. Ena mwa omwe anagwirizana ndi John Chilembwe poukira atsamunda mu January 1915 anali anthu opeza bwino, monga John Gray Kufa, yemwe anaphunzira zachipatala ku mishoni ya Blantyre ndipo anali ndi malo akeake. Mu 1912 ophunzira a kumpoto anayambitsa North Nyasa Native Association, Levi Mumba ali mlembi wake, ndipo mabungwe oterewa ndiwo anadzabala Nyasaland African Congress mu 1944. Madandaulo awo oyamba anali a gulu lawo: sukulu zapamwamba, kukwezedwa pantchito, ndi ulemu m'masitolo ndi m'maofesi.

Kunalinso njira ina yokwerera yosadzera kusukulu. Amuna zikwizikwi ankapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku bungwe lolemba antchito la Wenela, n'kubwerako ndi njinga, makina osokera, malata ndi ndalama zoyambira kagolosale. Boma linaimitsa ulendowu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu a ku Malawi oposa 70. Unayambanso kudzera ku bungwe la Teba, n'kudzatheratu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980.

Nthawi ya Kamuzu

Ufulu wa 1964 unatsegula maudindo omwe kale anali a Azungu okha, koma mkangano unabuka pasanathe miyezi itatu. Zina mwa zomwe nduna monga Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Masauko Chipembere zinasiyana ndi Dr. Kamuzu Banda zinali zokhudza anthu apakati mwachindunji: lipoti la Skinner lomwe linapanikiza malipiro a ogwira ntchito m'boma akuda, kuchedwa kopereka maudindo akuluakulu kwa Amalawi, ndi ndalama ya tiki yomwe odwala anauzidwa kuti azilipira kuchipatala. Ogwira ntchito m'boma ambiri ku Zomba anali mbali ya ndunazo, ndipo zitagonja, gulu la ophunzira linaphunzira kukhala chete.

Ngakhale zinali choncho, zaka za m'ma 1970 zinali zabwino kwa wolandira malipiro. Yunivesite ya Malawi inalandira ophunzira ake oyamba mu 1965, ndipo otsiriza maphunziro anali ochepa moti ntchito inkawadikira. Ndalama ya kwacha itayamba mu 1971, makwacha awiri ankafanana ndi paundi imodzi. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, mzindawo unamangidwa mosanja anthu molingana ndi udindo: akuluakulu ku Area 10 ndi Area 43, apakati ku Area 18 ndi madera ofanana nawo, otsika kutali ndi pakati pa mzinda. Nyumba inkabwera ndi ntchito. Apa panali msampha womwe ambiri anadzauzindikira mochedwa, poti wopuma ntchito ankabweza makiyi n'kubwerera kumudzi alibe nyumba m'tauni.

Chuma chenicheni chinkapangidwa kwina. Alimi ang'onoang'ono sankaloledwa kulima fodya wa bale, yemwe anasiyidwira eni maesiteti mpaka 1990. Mbewu zawo ankagulitsa ku ADMARC, yomwe inakhazikitsidwa mu 1971, pamtengo wotsika, ndipo phindu lake linkathandiza kukuza maesiteti ndi makampani monga Press Holdings ya Dr. Banda. Nduna, akuluakulu a chipani ndi akuluakulu a m'boma ankalimbikitsidwa kutsegula maesiteti ndi ngongole za kubanki, matenanti n'kumawalimira. Potero gulu lapamwamba la Amalawi linakula kudzera m'ndale ndi m'malo, pomwe mlimi wamba ndiye ankalipira. Chizolowezi choti njira yachidule yopita ku chuma imadutsa ku boma sichinathe ndi ulamuliro wa chipani chimodzi.

Kwacha ikagwa

Zinthu zinatembenuka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Mafuta anakwera mtengo padziko lonse, ndipo nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, katundu n'kumazungulira njira yaitali yodula. Mu 1981 Malawi inayamba kutsatira ndondomeko za World Bank ndi IMF zokonzanso chuma, zomwe zinkafuna kuti boma lichepetse ndalama zomwe limagwiritsa ntchito, kwacha itsike mphamvu, ndipo misika itseguke. Malipiro anatsalira m'mbuyo mwa mitengo. Kalata ya maepiskopi a Katolika ya mu March 1992 inadzudzula kukula kwa mpata pakati pa olemera ndi osauka, ndipo mu May chaka chomwecho ogwira ntchito ku Blantyre ananyanyala.

Mu 1994 kwacha inasiyidwa kuti msika uziipatsa mtengo, ndipo mu 1995 mitengo ya zinthu inakwera ndi 80 pa 100 iliyonse ndi kupitirira. Makampani ambiri a boma anagulitsidwa m'zaka zotsatira, antchito ena n'kuchotsedwa. Kugwa kwa kwacha kwakhala kukubwerezabwereza. Mu May 2012 dola imodzi inachoka pa K168 kufika pa K250. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu November 2023 ndi 44, dola n'kuchoka cha pa K1,180 kufika cha pa K1,700.

Chifukwa chomwe zimenezi zimapwetekera kwambiri anthu apakati n'chosavuta kuchiona. Tiyerekeze munthu wolandira K500,000 pamwezi. Tsiku lina malipiro akewo anali okwana madola oposa 420, m'mawa mwake osakwana 300, iye osalakwa kanthu kuntchito. Mafuta a galimoto, mankhwala, simenti, malata, feteleza, sopo ndi mafuta ophikira zimachokera kunja kapena zimapangidwa ndi zipangizo zakunja, choncho zonse zimakwera pamodzi. Malipiro amakwezedwa mochedwa ndiponso pang'ono. Msonkho wake umadulidwa asanazione n'komwe ndalamazo, pomwe wamalonda wamkulu ali ndi njira zambiri zouchepetsera. Mwini nyumba amangokweza lendi, mwini sitolo amasintha mitengo usiku womwewo, ndipo wosunga madola amadzuka ali wolemera kuposa dzulo. Kugwa kulikonse kwa kwacha kumasamutsa chuma mwakachetechete kuchoka kwa odalira malipiro kupita kwa eni katundu. Wosaukitsitsa amavutika kuposa onse pa chakudya, koma yemwe amatsika gulu ndi wapakati.

Malipiro a mmodzi, odya ambiri

Buku la malipiro limaonetsa dzina limodzi, koma ndalamazo zimadyetsa mudzi. Mphunzitsi wa kusekondale amalipira fizi ya ana ake ndi ya ana a mlongo wake, amatumiza ya feteleza kwa makolo, amagula bokosi pamaliro, ndipo m'nyumba mwake simusowa m'bale wodzafuna ntchito kapena wodzadikirira wodwala ku chipatala chachikulu. M'zaka za m'ma 1990, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kupezeka m'zipatala za boma, Edzi inapha aphunzitsi, asilikali ndi ogwira ntchito m'maofesi ambiri, ndipo ana amasiye anagwera m'manja mwa otsalawo. Kuthandizana kotereku ndiko kumagwira ntchito yomwe m'maiko olemera imagwiridwa ndi boma. Kumachepetsa njala kumudzi, koma kumachititsanso kuti wolandira malipiro asasunge kanthu.

Kuwonjezera apo, wapakati amalipira kawiri pa zinthu zomwe msonkho wake unayenera kumupatsa. Sukulu ya pulayimale itakhala yaulere mu 1994, ophunzira anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, aphunzitsi ndi zipinda osakwanira. Amene akanatha anasamutsira ana awo kusukulu zolipira. Chimodzimodzinso kuchipatala, pa madzi, pa magetsi a sola kapena jenereta, ndi pa mlonda wa usiku.

Pofuna kukwanitsa zonsezi, pafupifupi aliyense ali ndi kena kapambali. Wina amaweta nkhuku kuseri kwa nyumba, wina amalima munda wobwereka, wina amaoda katundu ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg, wina ali ndi njinga yamoto yakabaza. Banki mkhonde, yomwe inayambira kwa amayi akumudzi, tsopano ili m'maofesi, ndipo ikalephera pamatsala katapila wa chiwongoladzanja choboola m'thumba. M'boma ndi m'mabungwe, maalawansi a misonkhano ndi maulendo anasanduka malipiro achiwiri, zomwe zimasokoneza ntchito, popeza msonkhano wa ku Mangochi umakhala wokoma kuposa kukhala pa desiki. Kubedwa kwa ndalama za boma komwe kunaululika mu 2013, kotchedwa Cashgate, sikungafotokozedwe ndi kuchepa kwa malipiro kokha, poti ambiri olandira zochepa sanabe, koma kunaonetsa momwe kuyandikira ndalama za boma kumalemeretsera munthu msanga kuposa luso lake.

Kumaiko ena

Kukwera ndi kutsika kwa anthu apakati si kwa Malawi yokha. Ku Zambia, m'zaka za m'ma 1960, wogwira ntchito kumigodi ya kopa ku Kitwe, Mufulira kapena Luanshya anali ndi nyumba ya kampani, chipatala, sukulu ndi malo a masewera, ndipo dzikolo linkawerengedwa pakati pa opeza bwino mu Africa. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, moyo umenewo unayamba kufota. Migodi inaphatikizidwa kukhala kampani imodzi ya ZCCM mu 1982, n'kudzagulitsidwa pofika chaka cha 2000, antchito zikwizikwi atachotsedwa. Ana ambiri a anthu a kumigodi anakula movutika kuposa makolo awo.

Ku America, bungwe lofufuza la Pew linapeza kuti mu 1971 anthu akuluakulu 61 mwa 100 alionse ankakhala m'mabanja apakati, koma pofika 2021 anatsala 50. Ena anakwera, ena anatsika, ntchito za m'mafakitale zitasamukira kumaiko ena kapena kutengedwa ndi makina. Ku China zinayenda mosiyana: kuyambira 1978, pomwe Deng Xiaoping anayamba kusintha kayendetsedwe ka chuma, anthu mamiliyoni mazanamazana anachoka muumphawi, ambiri n'kulowa m'gulu lapakati kudzera m'mafakitale opanga katundu wogulitsa kunja. Komwe gululi lakula n'kukhazikika, ndi komwe ntchito zamalipiro zachuluka kunja kwa boma. M'Malawi mafakitale ndi ochepa, ndipo boma, mabungwe othandizidwa ndi maiko akunja, mabanki ndi makampani a mafoni ndiwo olemba ntchito aakulu. Thandizo lakunja likadulidwa, maofesi ena amatsekedwa pamodzi ndi malipiro ake.

Digiri, poloti ndi penshoni

Kwa zaka zambiri banja linkakhulupirira kuti mwana akafika ku yunivesite ndiye kuti umphawi watha pakhomopo. Masiku ano mayunivesite a boma ndi oima paokha achuluka, otsiriza maphunziro ndi ambiri chaka chilichonse, koma ntchito sizinachuluke mofanana. Aphunzitsi ndi anamwino ophunzitsidwa kale amadikira zaka asanalembedwe. Ena amapita ku South Africa kukagwira ntchito zosafuna pepala lililonse, ndipo anamwino ndi madokotala ena akhala akupita ku Britain. Digiri ikadali yofunika, koma tsopano imafuna wodziwana naye, ndipo ana a olemera, omwe anaphunzira kusukulu zodula kapena kunja, amayamba ali patsogolo.

N'chifukwa chake wolandira malipiro aliyense amalota poloti. Madera atsopano ozungulira Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu adzaza ndi nyumba zomangidwa pang'onopang'ono, chaka chino maziko, chaka chamawa zipupa, denga kudikira ngongole. Anthuwa akuyesetsa kusandutsa malipiro kukhala chuma kwacha isanawadyere. Malo ambiri oterewa amagulidwa kwa mafumu ndi mabanja akumudzi oyandikana ndi tauni, omwe amalandira ndalama kamodzi n'kutsala opanda munda, ndipo ena mwa ana awo amadzalembedwa ulonda panyumba zomwezo.

Lamulo la penshoni lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2011 linakakamiza wolemba ntchito kusonkha 10 pa 100 iliyonse ya malipiro, wantchito 5, kuti okalamba asamabwerere kumudzi chimanjamanja. Penshoni yotereyi imathandiza okhawo olembedwa ntchito mwadongosolo, omwe ndi gawo laling'ono la Amalawi ogwira ntchito. Mlimi, waganyu, wakabaza ndi wogulitsa mumsika sali m'kaundula wake. Ngakhale kwa amene alimo, ndalama zosonkhedwa kwa zaka makumi atatu zili m'makwacha, ndipo zomwe zidzagule pa tsiku lopuma ntchito zimadalira ngati phindu lomwe kampani yosunga penshoni imapanga likuposa kukwera kwa mitengo ya zinthu m'zaka zonsezo.